Puloti ya Lachisanu

Ndalama za penshoni za a Ambokile Mwakibete zinalowa ku banki Lolemba. Pofika Lachitatu, dera lonse la Uyole linali litamva. Anthu amene kale ankangowadutsa pamsewu tsopano ankawapatsa moni ndi manja awiri. Zaka makumi atatu ndi chimodzi bamboyu anakhala akugogoda mawilo a sitima ndi hamala, kumvetsera ngati chitsulo chili ndi mng'alu. Mashilingi mamiliyoni makumi atatu amene analandirawo anali oyamba ndiponso omaliza. Ena otere sadzabweranso.

Mkazi wawo, Subilaga, ankadziwa zimenezi bwino lomwe. Iye ankagulitsa mpunga wa ku Kyela mumsika. Kanyumba kogonamo anali nako kale, ana anali atakula, koma chowadyetsa akadzakalamba panalibe. Awiriwa anali atagwirizana chinthu chimodzi: agule malo, amangepo nyumba za lendi. Vuto linali loti panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankadziwa poyambira.

Lachitatu lomwelo masana, Subilaga akuchokera kumsika anapeza mlendo atakhala pampando wake, akumwa tiyi ndi mandasi. Anali Fadhili, dalali wa m'deralo, mmodzi wa anthu aja olumikizitsa ogula ndi ogulitsa malo. Aliyense ankamutchula kuti Chapuchapu chifukwa cha changu chake. Anali ndi mafoni awiri ndi nsapato zosongoka ngati mlomo wa khwangwala.

"Mayi athu afika! Mulungu ngwabwino," anatero Chapuchapu akudzuka. "Ndabweretsa chuma pakhomo pano. Puloti ku Igawilo, pafupi ndi msewu waukulu. Mamiliyoni khumi ndi awiri basi. Koma pali bwana wina wa ku Dar es Salaam akubwera Lachisanu, ndalama zili kale m'chikwama. Ine ndangoti ayi, mdala wathu ayambe ndiye."

"Amake Lusajo, taonani izi," anatero a Mwakibete akumuonetsa foni yawo. Pafonipo panali bambo wina wovala suti yonyezimira, ataima patsogolo pa nyumba yosanja, akufuula kuti aliyense wolimba mtima angathe kulemera pa miyezi isanu ndi umodzi. "Munthu uyu ndakhala ndikumumvera sabata yonse. Akuti wochedwa ndiye amafa wosauka. Pamalopo timangapo nyumba yosanja, pansi mashopu, pamwamba zipinda za alendo."

Subilaga anatula dengu lake pansi. "Malowo ndi a ndani, achimwene?"

"A mnyamata wina waulemu wake, Yona. Anamusiyira malemu bambo ake."

"Mapepala alipo?"

"Mayi, mukundifunsa ine za mapepala?" Chapuchapu anaseka, n'kuonetsa chithunzi cha pepala lina m'foni. "Chidindo icho, cha tcheyamani wa dera. Mukufunanso chiyani, siginecha ya mngelo?"

Mlendo uja atapita, Subilaga anakhala pampando wake n'kuyang'ana amuna ake.

"Abambo a Lusajo, ine thumba limodzi la mpunga sindigula ndisanapise dzanja mpaka pansi. Pamwamba amaika wonunkhira, pansi pali miyala. Ndiye mamiliyoni khumi ndi awiri tipereke chifukwa cha chithunzi cha m'foni?"

"Mpunga ndi mpunga, izi ndi za malo. Inu za malo mukudziwapo chiyani?"

"Palibe. Nanga inu mukudziwapo chiyani?"

A Mwakibete anabwezera foni yawo m'thumba.

"Ndiye kuti tonse ndife mbuli," anatero Subilaga. "Ndipatseni masabata awiri ndikaphunzire."

"Mukaphunzire kuti? Ku yunivesite? Inu munalekera sitandade seveni!"

"Ndikafunsa. Pakamwa ndili napo."

"Nanga Lachisanu?"

"Likapita ili kubwera lina. Chaka chili ndi Malachisanu ambirimbiri."

"Chabwino, a Pulofesa, kaphunzireni," anatero a Mwakibete akuyang'ana kumbali. Subilaga anadabwa kuti avomera msanga chotero.

M'mawa mwake anasiyira mnzake benchi la mpunga n'kupita kwa mayi Sanga, mayi wachikulire amene anali ndi zipinda zisanu ndi zitatu za lendi kuseri kwa tchalitchi. Anawapeza atapinda nsalu m'chiuno, akutsegula ngalande yotsekeka ndi waya.

"Alandilodi athunthu m'matope?" anafunsa Subilaga.

"Ukuganiza kuti nyumba za lendi ndi ng'ombe yongokama? Imafunanso kuidyetsa. Khala apo, mwana wanga, undiuze chakubweretsa."

Subilaga anafotokoza zonse. Mayi Sanga anasamba m'manja, n'kukhala pa ndowa yovundikira.

"Iwe wachita bwino kubwera usanagule. Ine ndinabwera kwa anthu nditagula kale, ndikulira. Nyumba yanga yoyamba ndinamanga m'mbali mwa msewu. Zipinda zitatu, malata atsopano, zitseko za mlombwa. Tsiku lina ndinapeza alemba chizindikiro chofiira pakhoma. Malowo anali osungidwira kukuza msewu. Ndinathamangira ku maofesi ndi kapepala kanga ka chidindo, iwo anangotambasula mapu n'kundilozera. Mapuwo anali momwemo zaka zonse, ine ndiye sindinapite kukawaona. Thalakitala inagwetsa nyumbayo pasanathe ola limodzi. Sukulu yanga ine ndinalipira nyumba yathunthu."

"Pepani, mayi. Nanga munthu woyamba kumene ngati ine ayambire pati?"

"Uyambe ndi mafunso. Malowo mwini wake weniweni ndani? Boma linakonza zoti pamalopo pakhale chiyani? Ndipo ukamanga, adzabwere kudzakhalamo ndani? Mayankho ake usafunse wogulitsa. Wogulitsa nkhuku sanena kuti ili ndi chitopa."

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kabuku kothethekatheka, chikuto chake chomata ndi selotepi. Kanali kabuku kofotokoza malamulo a malo m'Chiswahili chosavuta, kamene anakalandira ulele ku ofesi ya anthu othandiza pa zamalamulo.

"Werenga aka. Pamene sukumvapo, lemba pambali, ukafunse ku ofesi ya zamalo. Loweruka m'mawa tsegula wailesi, pamakhala loya woyankha mafunso a anthu. Ukamaliza ubweze, kabuku aka kapulumutsa anthu anayi kale."

Kuyambira tsiku limenelo Subilaga ankawerenga ali pabenchi. Ankawerenga pang'onopang'ono, chala chili pamzere, milomo ikugwedera. Wogula akabwera ankamuyezera mpunga, akachoka ankabwereranso pomwe analekera. Anagula kope la ana asukulu n'kumalembamo mawu ovuta. Anzake amumsika ankamunyogodola.

"Amake Lusajo, mayeso ndi liti? Tidzakugulireni pensulo!"

"Sekani, asisi. Ine manyazi ndinawasiya kunyumba."

Lachisanu linafika n'kudutsa. Madzulo ake Chapuchapu anaimba foni kunena kuti bwana wa ku Dar es Salaam uja galimoto yamuwonongekera panjira, ndipo chifukwa cha ulemu, mtengo watsika kufika pa mamiliyoni khumi ndi limodzi.

"Mwamva?" anatero a Mwakibete. "Mwayi ukutitsatira wokha."

"Ndamva. Koma chinthu chimene anthu akulimbirana sichitsika mtengo."

Loweruka m'mawa Subilaga anatsegula wailesi akusankha nyemba. Anali atatumiza kale funso lake pafoni. A Mwakibete ankameta ndevu pakhonde pamene anamva woulutsa mawu akuti, "Mayi Subilaga a ku Uyole akufunsa ngati pepala lokhala ndi chidindo cha tcheyamani wa dera lili lokwanira pogula malo." Lumo linaima m'malere.

Loya uja anayankha momveka bwino. Anati chidindo chotero chimangosonyeza kuti tcheyamani anaona anthu akugwirizana, koma sichitsimikiza kuti wogulitsayo ndiye mwini. Anati ngati malowo anayezedwa ndi boma, munthu apite ku ofesi ya zamalo ndi nambala ya puloti, alipire kandalama kochepa, amufufuzire m'kaundula. Anatinso ngati mwini malo anamwalira, wogulitsa ayenera kukhala ndi kalata ya kukhoti yomupatsa mphamvu zoyang'anira chuma cha masiye.

"Mwafika mpaka pa wailesi?" anafunsa a Mwakibete, sopo ali kumaso. "Anthu aziti chiyani?"

"Aziti mkazi wa a Mwakibete amafunsa."

Nambala ya puloti ndiyo inavuta. Chapuchapu atafunsidwa anati aitumiza posachedwa, kenako anati foni yathera moto, kenako anasiya kuyankha. Lamulungu atatuluka m'tchalitchi, Subilaga anakwera bajaji, kagalimoto ka hayala ka mawilo atatu, n'kupita yekha ku Igawilo. Malowo analidi okongola, athyathyathya, phiri likuonekera chapatali. Anayenda m'mbali mwake akupatula udzu ndi phazi monga kabuku kaja kananenera, mpaka anapeza kamwala ka simenti kokwiriridwa pakona, kolembedwa manambala. Anagwada n'kuwakopera m'kope.

"Inunso mwabwera kudzagula?"

Anali mayi wina amene ankapalira nyemba pamalo oyandikana nawo.

"Ndikungoona, mayi. Bwanji, abwera ambiri?"

"Ndinu achitatu chaka chino. Ine sindinena zambiri, ndimakhala nawo pafupi anthuwa. Koma Yonayo sanabadwe yekha."

Lolemba Subilaga anavala chitenje chake chatsopano n'kupita ku ofesi ya zamalo m'tauni. Moyo wake wonse ankaganiza kuti maofesi otere ndi a anthu a mataye. Anakhala pamzere maola awiri, kope lili m'manja. Amene anamulandira anali mayi wachitsikana wovala magalasi, dzina lake Shirima.

"Ndikuthandizeni chiyani, mayi?"

"Mwana wanga, ine sindidziwa kanthu. Ndikufuna kugula malo koma ndikuopa. Ndalemba mafunso khumi ndi anayi."

Mayi Shirima anaseka mokondwa, n'kukoka mpando. "Anthu ambiri amabwera kuno atapereka kale ndalama, akufuna tiwachitire zozizwitsa. Inu mwabwera nthawi yake. Tiyeni tiyambe ndi loyamba."

Anayankha mafunso onse, limodzi ndi limodzi. Anafotokoza kusiyana kwa malo oyezedwa ndi osayezedwa. Anatambasula mapu a tauni n'kumuonetsa mitundu yake: apa ndi pa nyumba zokhalamo, apa pa malonda, apa pa sukulu, apa podutsa msewu ndi mawaya a magetsi. Anamuuza kuti munthu sangomanga chimene wafuna paliponse, ndipo asanakumbe maziko amayenera kupereka pulani ya nyumba ku khonsolo kuti apatsidwe chilolezo. Ndi manambala a pa kamwala aja anapeza pulotiyo pamapu, n'kumulembera fomu yofufuzira m'kaundula.

"Ndalama yake mukalipire kumene kwalembedwa apa, akupatseni lisiti la boma. Wina akakuuzani panja kuti mumupatse ya m'manja kuti zifulumire, mukaneni. Mubwerenso Lachinayi."

Lachinayi pepala linatuluka. Mayi Shirima anamuwerengera pang'onopang'ono. Malowo anali adakali m'dzina la malemu bambo ake a Yona. Alongo ake a Yona atatu anali atalembetsa chiletso kuti malowo asagulitsidwe mpaka mlandu wa chuma cha masiye utatha kukhoti.

"Mukanagula, mukanagula mlandu," anatero mayi Shirima. "Dzina silikanasinthidwa, ndipo mukanamangapo, mwina bwenzi mukumangira eni ake."

Subilaga anabwerera kunyumba miyendo ikupepuka. Anapeza amuna ake pakhonde, n'kuwapatsa pepala lija. A Mwakibete anavala magalasi n'kuwerenga. Anawerenganso kachiwiri. Subilaga ankayembekeza kuti aseka kapena atsutsa, koma iwo anavula magalasi n'kulipinda pepalalo pang'onopang'ono.

"Amake Lusajo," anatero ndi mawu otsika, "pali chimene sindinakuuzeni. Tsiku lija munapeza Chapuchapu pano, ndinali nditamupatsa kale miliyoni imodzi ndi theka. Anati ndi yogwirira malo kuti asapite."

Subilaga anakhala pansi pa sitepe. Anaganiza za m'mawa uliwonse umene bamboyu ankadzuka kuli chisanu cha mu Juni kupita kunjanji, ndi matumba onse a mpunga amene iye akanayenera kugulitsa kuti apeze ndalama yotero.

"Anakulemberani pena pake?"

"Ayi. Anati ndife anthu odziwana."

"Ndiye masiku onsewa ine ndikuthamanga ngati wamisala, inu mukunditchula Pulofesa, chonsecho mukudziwa?"

"Ndinachita manyazi."

"Manyazi!" Subilaga anadzuka n'kulowa m'nyumba. Tsiku limenelo sanaphike. A Mwakibete anakadya tchipisi cha mazira pamsewu.

M'mawa mwake anapita limodzi kupolisi kukadandaula. Mafoni onse awiri a Chapuchapu anali otseka, ndipo anthu ankati amuona ku Tunduma, kumalire a dziko. Yona atapezeka analumbira kuti sanalandire ngakhale shilingi imodzi. Ndalama ija sinabwerere.

Pochokera kupolisiko a Mwakibete ankayenda chowerama. "Basi, za nyumbazi tizisiye. Ndalama zikhale ku banki tizidya pang'onopang'ono. Ine si munthu wa zimenezi."

Subilaga anaima pakati pa njira. Mkwiyo unali utatsika, koma mtima unali utalimba.

"Tikamadya, zitha zaka zingati? Zisanu? Kenako tizikapempha kwa Lusajo, yemwenso ali ndi ana ake? Ayi, abambo. Fizi mwalipira kale, yodula. Ndiye mulipire fizi n'kuthawa m'kalasi? Mawa tikupitira limodzi."

Ndi mmene a Mwakibete analowera sukulu ya akazi awo. Poyamba ankangotsatira m'mbuyo, manja ali m'thumba. Koma atafika ku ofesi ya zamalo n'kuona mapu, maso awo anayera. Kunjanji anazolowera zojambula ndi miyezo, moti zimene Subilaga ankavutika nazo iwo ankazimva msanga. Mayi Shirima anawauza za laibulale ya m'tauni, ndipo bamboyu anayamba kupitako kawiri pa sabata. Anapezako mabuku ofotokoza kamangidwe ka nyumba zing'onozing'ono ndi kawerengedwe ka zipangizo. Madzulo ankafotokozera akazi awo zimene awerenga, Subilaga n'kumawafotokozera za malamulo. Bambo wa suti yonyezimira uja anamufufuta m'foni, m'malo mwake n'kumaonera amisiri akuonetsa kasakanizidwe ka simenti ndi kaikidwe ka denga.

Koma maloto a nyumba yosanja sanafe msanga.

"Tingoyamba pansi, pamwamba tidzamaliza Mulungu akalola," ankatero.

Subilaga sanatsutse. Anangowapempha kuti Loweruka lina ayende naye wapansi kuchokera ku Uyole mpaka ku Nsalaga, aziwerenga nyumba zimene zinayambidwa koma osamalizidwa. Anawerenga makumi awiri ndi zitatu. Zina zinali ndi zitsulo zoloza kumwamba zitachita dzimbiri, zina mitengo itamera m'chipinda chochezera, ina mbuzi zitasandutsa khola.

"Onsewa ankati Mulungu akalola," anatero Subilaga. "Nyumba yopanda denga silipira lendi."

Kenako anachita zimene mayi Sanga anawalangiza: anaitana amisiri atatu osiyana, aliyense payekha, kuti awerengere mtengo wa nyumba. Onse atatu anasiyana pang'ono, koma anagwirizana pa chinthu chimodzi. Ndalama zimene zinalipo sizikanafikitsa nyumba yosanja ngakhale pa mawindo a pamwamba. A Mwakibete anakhala akubwereza mawerengerowo masiku awiri. Tsiku lachitatu anatenga pensulo n'kujambula zipinda zitatu zondondozana.

Funso lotsala linali la anthu odzakhalamo. Apa Subilaga ndiye anali katswiri, chifukwa theka la Uyole linkagula mpunga pabenchi pake. Aliyense wokhala nyumba ya lendi ankamufunsa: mumalipira zingati, chimakusowetsani mtendere n'chiyani, mungasamukire kuti? Anamwino, aphunzitsi ndi ophunzira zaulimi ankayankha zofanana. Sankafuna nyumba yaikulu. Ankafuna madzi pafupi, chimbudzi chawochawo, mita ya magetsi yawoyawo kuti asamakangane ndi anzawo, ndi malo oti munthu akatsika basi asayende mtunda wautali.

"Mwamva, abambo? Palibe amene watchula nyumba yosanja."

"Ndamva, ndamva. Musandikumbutse."

Anaona mapuloti asanu ndi imodzi. Ina inali yotchipa koma anthu oyandikana nayo anati nthawi ya mvula pamadutsa madzi. Ina inali kutali ndi paipi ya madzi. Ina mwini wake anakwiya atamva zokafufuza ku ofesi, ndipo Subilaga anangotsanzika mwaulemu. Yachisanu ndi chimodzi inali yaing'ono, ku Nsalaga, mphindi zisanu kuchokera pokwerera basi. Mwini wake anali mphunzitsi wopuma ntchito, a Mwaisumo, amene ankafuna kubwerera kwawo ku Tukuyu. Iwowa anatulutsa okha chikalata cha umwini n'kunena kuti, "Kafufuzeni, ine ndidikira."

Kufufuza kunasonyeza kuti zonse zili bwino. Woyeza malo anabwera kudzatsimikiza timiyala ta m'makona. Mgwirizano anakalembera kwa loya, akazi a a Mwaisumo ali pomwepo kuvomereza ndi siginecha yawo. Ndalama zinadutsa ku banki, osati m'manja. Pofika polemba dzina la mwini watsopano, loya anafunsa kuti alembe ndani.

"Lembani awiri," anatero a Mwakibete. "Ambokile ndi Subilaga. Pakanapanda mayiwa, bwenzi pano tili kukhoti ndi alongo ake a Yona."

Kusintha dzina ndi kudikira chilolezo chomangira kunatenga miyezi inayi. Anthu anayamba kulankhula. Ena ankati ndalama za a Mwakibete zinatha, ena ankati mkazi wawadyetsa mankhwala. Mlamu wake wa Subilaga anabwera kudzanena kuti anthu onse amamanga kaye, mapepala pambuyo.

"Alamu, amene anamanga kaye ndamuona, ndipo ndamva mmene thalakitala inalirira," anayankha Subilaga. "Ife tidikira."

Chilolezo chitatuluka, ntchito inayamba. A Mwakibete ankafika pamalopo amisiri asanafike. Njerwa zikabwera ankatenga hamala yawo yakale n'kumagogoda imodziimodzi, khutu lili pafupi. Yolira bwino inkapita kukhoma, yolira mogonthera inkabwerera kwa mwini wake. Amisiri ankadandaula kuti mdalayu sagona, koma thumba la simenti silinasowe ndi limodzi lomwe. Subilaga ankagula yekha zipangizo atafunsa mitengo m'mashopu atatu, ndipo mmisiri ankalipidwa gawo lililonse likatha: maziko, khoma, denga. Panali ndalama ina imene anagwirizana kuti asaikhudze zivute zitani, yodzakonzera zowonongeka ndi yodzadya miyezi imene chipinda chingakhale chopanda munthu.

Sizinayende zonse mosalala. Mtengo wa malata unakwera ntchito ili pakati, moti mpanda wa njerwa umene anakonza unasanduka wa mitengo yobzala. Mmisiri woika mapaipi analakwitsa, ndipo anachita kukumbanso. Koma patatha miyezi isanu ndi iwiri, zipinda zitatu zinaima, chilichonse ndi khomo lake, chimbudzi chake ndi mita yake, kumbuyo kutatsala malo oti n'kudzawonjezapo zina ziwiri.

Penti asanaume n'komwe, namwino wina amene ankagula mpunga kwa Subilaga anabwera kudzatenga kiyi. Sabata yotsatira kunabwera mphunzitsi ndi mkazi wake, kenako atsikana awiri ophunzira zaulimi. Aliyense anasaina pepala la mgwirizano lofotokoza lendi, tsiku lolipira, ndi amene adzakonze chinthu chikawonongeka. Ndalama zake sizinali zolemeretsa munthu pa miyezi isanu ndi umodzi. Zinali zokwanira chakudya, mankhwala a a Mwakibete a kuthamanga kwa magazi, ndi kusungako pang'ono. Ndipo zinkabwera mwezi ndi mwezi.

Nkhani inamveka mumsika. Tsiku lina gulu la amayi osunga ndi kubwereketsana ndalama, limene Subilaga analimo, linamupempha kuti alankhule. Amayi makumi awiri anakhala pamabenchi kuseri kwa msika, ena mwa iwo omwe aja ankamulonjeza pensulo.

"Amake Lusajo, tiuzeni chinsinsi," anatero mayi wina wogulitsa nthochi. "Ine mwana wanga akutumiza ndalama kuchokera ku Dodoma kuti ndimugulire puloti, ndiye tulo sindikuona."

Subilaga anaimirira n'kukonza chitenje chake.

"Asisi anga, chinsinsi palibe. Ine mukundidziwa, ndinalekera sitandade seveni. Zonse zimene ndinaphunzira zinali pafupi, ndipo zambiri zinali zaulere. Pezani munthu amene anamangapo kale, makamaka amene anagwapo, akuuzeni pamene anapunthwa. Werengani timabuku ta malamulo a malo, mukalephera wina akuwerengereni. Mverani mapulogalamu a pa wailesi, funsani osachita manyazi. Ofesi ya zamalo si ya anthu a mataye okha, ndi yanunso. Musapereke ngakhale shilingi imodzi musanafufuze m'kaundula kuti mwini malo ndani ndiponso kuti pamalopo pamaloledwa chiyani. Ife tinataya miliyoni ndi theka chifukwa chothamangira. Pitani pamalopo ndi mapazi anu, mucheze ndi oyandikana nawo. Lipirani kudzera ku banki, zonse zilembedwe pamaso pa loya. Ndipo mumange chimene mungathe kumaliza, chimene anthu akuchifuna, osati chimene mukufuna kuti anthu akuonereni."

"Nanga wogulitsa akati changu, wina akubwera ndi ndalama?" anafunsa mayi wa nthochi uja.

"Musiyeni wina uja agule. Malo abwino saopa mafunso, ndipo mwini wake weniweni sathawa mukati tiyeni ku ofesi. Ndalama zanu munazipeza ndi thukuta la zaka zambiri. Mwezi umodzi wophunzira si wautali."

Mayi wa nthochi anapukuta manja pa epuloni. "Ndiye Lolemba mundiperekeze ku ofesiko."

"Ndikuperekezani mpaka pakhomo," anatero Subilaga. "Koma mafunso mukafunsa nokha."

Lolemba m'mawa amene anafika pokwerera basi anali amayi asanu ndi awiri.

Musanagule malo kapena kuyamba kumanga, yambani mwaphunzira. Funsani odziwa, fufuzani ku ofesi yoyenera, ndipo musalole munthu aliyense kukufulumizitsani. Safunsa anadya phula.